Tsiku limene ndinawasiya atsibweni pa Tumbine

Achimwene Gerson,

Ndiyankheni kaye ndisanapereke moni: analamula ndani kuti paphiri wamng'ono asapitirire wamkulu, ngakhale wamkuluyo miyendo itamuthera? Kuno aliyense amangoti ndi mmene zimakhalira. Ine zandikwana.

Tsopano moni. Muli bwanji ku Nampula kumeneko, inu ndi alamu a Ilda? Malungo a mwana aja anatha? Kuno amayi ali bwino m'thupi, koma sakundilankhula. Ndalemba kuti mumvere kwa ine, foni yawo isanakupezeni.

Mukudziwa kuti chimalizireni maphunziro a zokopa alendo, ndatha zaka ziwiri ndikugulitsa mayunitsi pamalire. Sabata yatha ndinapeza alendo anga oyamba, anthu anayi a ku Quelimane obwera kudzagona m'matenti kumunsi kwa phiri la Tumbine. Mkulu wawo, Dona Natália, anati ndikawafikitsa pamwamba nkhungu isanatseke, adzabweranso ndi anzake onse akuntchito.

Amayi anakakamira kuti atsibweni a Nicolau atsogolere, poti njira zonse anazidziwa nthawi ya nkhondo. Ndinavomera.

Achimwene, atsibweni akalamba, kungoti palibe akufuna kunena. Tikangoyenda pang'ono, aima. Akhosomola, aloza mtengo, ayamba kufotokoza kuti apa m'pamene anabisa amayi ndi mbuzi ziwiri. Poyamba alendo ankajambula. Dzuwa litakwera, Rui, mwamuna wa Dona Natália, anandifunsa m'Chipwitikizi ngati ndawalembera wotsogolera kapena wodwala woti timuperekeze kuchipatala. Onse anaseka. Atsibweni Chipwitikizi amachimva bwinobwino. Nanenso ndinaseka, sindikubisani.

Titafika pamtsinje, nkhungu inali itayamba kusonkhana. Ndinawauza atsibweni kuti akhale pamwala alondere chikwama cha mapoto, tiwapeza pobwerera. Anandifunsa kuti iwe Edite, amene ndinakusenza paphewa popita kukabatizidwa, lero ukundiyanika pamwala ngati nsanza? Ndinati alendo sanabwerere mbiri ya mbuzi. Ndinawapitirira.

Tinafika pamwamba kukadali kowala. Mulanje ankaoneka yense, ndi minda ya tiyi kutsidya kwa mtsinje wa Muloza. Dona Natália anandikumbatira. Potsika anapempha kudzera njira ya kumathithi, imene sidutsa pamtsinje paja. Amayi ndinawauza kuti atsibweni ndinawaiwala, koma inu ndikuuzani zoona: ndinawakumbukira. Ndinangoona kuti kubwerera kutidyera maola awiri, n'kudziuza kuti munthu wamkulu akaona mvula atsika yekha.

Sanatsike. Akuti ndinawauza kuti adikire, ndiye anadikira. Mvula yonse inathera pathupi pawo. Anafika pamatenti dzuwa likulowa, chikwama pamutu, akunjenjemera. Rui anawapatsa buledi wotsala n'kuwasisita paphewa, amvekere wonyamula katundu wakoyu ndi wokhulupirika. Sindinamuuze kuti ndi mlongo wa amayi anga. Atsibweni anatula chikwama pamapazi anga n'kunena monyodola maphunziro anga kuti adotolo, onani ngati mapoto anu onse alimo.

Pano akudwala chifuwa. Amayi akuti ndipite ndi nkhuku ndikagwade, ndipo ulendo wotsatira atsogolerenso iwowo kuti manyazi awachoke. Nkhuku ndingapereke, koma zotsogolerazo ayi. Dona Natália wayimba kale kuti abwera anthu khumi ndi awiri, ndipo wanena mosapsatira kuti mkulu uja asaonekenso.

Inu amayi amakumverani. Chonde auzeni kuti sindibwerera kukapsa ndi dzuwa pamalire chifukwa cha miyendo ya atsibweni. Inu mutafuna kuchoka kuno palibe anakuuzani kuti muyende pambuyo pa wina.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi mwana. Mulungu akusungeni nonse, ndipo atsibweniwo awachiritse, sindiwafunira zoipa.

Dzulo ndinapita kwa atsibweni. Ndinawapeza pakhonde atafunda bulangeti. Anauza akazi awo kuti andipatse mpando, poganiza kuti ndabwera kudzapepesa. Ndinafunsa za chifuwa, kenako ndinapempha nsapato zanga zokwerera phiri zimene ndinawabwereka paulendo uja. Analowa m'nyumba akugwira khoma, n'kuzitulutsa atazipukuta kale matope. Ndinazitengera kwa Jorge wakabaza, amene atsogolere ulendo ukubwerawu, ndipo zamukwana.

Ndine mlongo wanu,
Edite