Mbaula ya Amayi Isavekedwe Matailosi

Padova, kwa Ataliyana, mwezi wa Marichi

Okondedwa achimwene a Toader,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumudziko. Nanga mawondo a Amayi, chisanu cha chaka chino chawasiya bwanji? Ine kuno ndilipo. Mayi wokalamba amene ndimamusamalira uja wayamba kubisa mano ake oikirira m'nsapato, ndiye m'mawa uliwonse ntchito yoyamba ndi kusaka mano.

Nkhani ya mbaula yathu ya njerwa yotenthetsa nyumba ndaimva. Ndathokoza kuti amisiri a Gavril aimanganso ndipo utsi wasiya kubwerera m'nyumba. Koma zoti kunja kwake muikeko matailosi, ayi, zimenezo ndakana.

Akazi anu, alamu anga a Viorica, anandiimbira Lamulungu. Akuti aona matailosi obiriwira m'sitolo ku Suceava. Ndinawauza kuti njerwa ikatentha imafufuma, ndipo matailosi a kubafa omata ndi simenti amathetheka chisanu chisanathe. Anati ndiye agula enieni a mbaula, ochindikala aja. Sindinama, amenewo ndi abwinodi, amasunga kutentha mpaka m'mawa. Kenaka anawonjezera, mokoma mtima ndithu, kuti matailosi n'kungopukuta ndi kansanza, ndiye ine ndisamadzivutenso ndi ulendo wa basi chaka chilichonse kudzapaka laimu pa Pasaka.

Achimwene, ndisamadzivute? Ndinauza ndani kuti ndatopa?

Inu mukuwadziwa Amayi. Chibadwire chathu sanauzepo mwana wawo kuti amusowa, mawu amenewo pakamwa pawo satuluka. Koma nyengo ya kusala kudya ikangoyamba, foni yanga imalira, iwo n'kungoti mbaula yada. Amabwereza kuti yada kwambiri, alendo a Pasaka adzatiseka. Ine ndimamva zimene akunena, ndimapempha tchuthi n'kukwera basi. Ndikafika ndimamata ming'alu ndi dongo, iwo ali khale pa benchi kundidzudzula kuti laimu ndasungunula wamadzimadzi, bulashi ndikugwira ngati Mtaliyana. Masiku amenewo ndi okhawo amene ndimakhala mwana wa munthu, osati wantchito wa munthu.

Matailosi samada, achimwene. Mukawaika, Amayi adzandiitana ndi mawu ati? Adzangokhala duu pafupi ndi chinthu chonyezimiracho, ine kuno ndili maso pa foni.

A Viorica sindikuwada. Ndikudziwa kuti ana awo akatsamira mbaula amachokapo ndi misana yoyera. Atsamire! Ifenso tinakula ndi misana yoyera ndipo sitinafe. Ngati alamu akufuna zonyezimira aike kukhitchini kwawo kwatsopano kuja, kumeneko sindidzatsegula pakamwa.

Pempho langa ndi limodzi. Uzani a Gavril aimate ndi dongo losakaniza mchenga ndi mankhusu monga ankachitira malemu Atate, iume pang'onopang'ono ndi kamoto kochepa. Inu mundinyikire laimu mumgolo wa kuseri kwa khola, ndifika m'Sabata Loyera. Ndipo ndineneretu, musadzati sindinanene. Ndikadzapeza matailosi, ndidzapaka laimu pamwamba pa matailosi omwewo, a Viorica akuona.

Mundiperekere moni kwa alamu angawo, kwa ana, ndi kwa azakhali a Paraschiva. Amayi muwauze kuti asadandaule, mbaula yawo ipitiriza kuda.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,

Dochia