Wandilanda Nyimbo mu Kwaya, Kodi Wandimanganso Nsagwada?

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 41. Kwa zaka khumi ndi ziwiri ndinkatsogolera nyimbo mu kwaya ya mpingo wathu. Chaka chatha kunabwera Violet, mtsikana wa ku Chiringa amene wakwatiwa m'mudzi mwathu. Nditadwala malungo anaimba m'malo mwanga. Nditachira, a Eneya, otiphunzitsa nyimbo, anati, "Mayi, inu muzingomuthandiza kumbuyo." Basi, mpaka lero.

Sindinama, akamaimba mtima umandiwawa. Amayi omwe ankandilulutira ine pano akulutira iye. Ngakhale bambo a kunyumba tsiku lina pochokera kutchalitchi anati, "Koma mwana uja ali ndi mawu." Ndinatha masiku awiri osawalankhula.

Kuyambira nthawi imeneyo nsagwada zanga sizili bwino. Ndikayasama kuti ndikweze mawu, pafupi ndi khutu pamalira, mwina pakamwa kukana kutseguka. M'mawa ndimadzuka mutu ukuwawa, ndipo bambo akuti ndimakukuta mano ngati mbuzi. Mwezi watha ndinapeza totupa tiwiri tolimba ngati miyala pansi pa lilime, uku ndi uku. Sitipweteka. Apa ndinakumbukira kuti Violet anandipatsapo nthochi pokonzekera nyimbo, ine n'kudya. Mchemwali wanga akuti, "Anakudyetsa ameneyo, akufuna akutseke pakamwa." Wandipezera kale wotema mphini. Lamulungu likudzali ndikufuna kukamuneneza Violet kwa akulu a mpingo. Ndilakwa?

E.M., Migowi, Phalombe

Mayi E.M.,

Inde, mulakwa, ndipo musapite. Nthochi ija inali nthochi chabe.

Zitatu mwatchulazi zimakonda kuyendera limodzi. Munthu akamasunga mkwiyo amaluma mano masana osadziwa, akagona n'kumakukuta. Mfundo ya nsagwada, pafupi ndi khutupo, imatopa, ndiye imalira ndi kupweteka. Totupa tolimba ta mbali zonse ziwiri nthawi zambiri ndi fupa lomwe lakula pang'onopang'ono, ndipo timapezeka kwambiri mwa anthu okukuta mano. Timatenga zaka, kotero n'kutheka kuti munali nato Violet asanabwere.

Koma ine sindinakuoneni m'kamwa. Sabata ino pitani kuchipatala, mukafunse a zamano. Mukawafunsenso za kachipangizo kovala m'mano pogona. Mukaona chotupa chikukula msanga, chikuchita bala kapena kutuluka magazi, musadikire tsiku. Lumo lisayandikire pamenepo, mungadziyambitsire chilonda.

Pakadali pano siyani nzimbe, chimanga chokazinga ndi chingamu. Muzithowa m'masaya ndi kansalu kofunda. Lamulungu, Violet akangoyamba nyimbo, mudzadzimvetsere nokha: ndikukhulupirira mudzapeza mano atalumana. Alekanitseni, milomo yokha ndiyo igundane.

Nsanje yanu ndaimvetsa. Zaka khumi ndi ziwiri si masewera, ndipo a Eneya anakuchotsani mosakulemekezani. Amenewo ndiwo mukalankhule nawo, pambali, muwauze kuti zinakupwetekani, muwapemphe kuti nyimbo muzigawana. Bambo nawonso auzeni, mwina sadziwa n'komwe chimene analakwa.

Chenjerani, mayi. Nsagwada zikasamalidwa zimapola. Koma mukangomutchula mtsikanayo kuti ndi mfiti, dzina limenelo simudzathanso kumuchotsera, ndipo ana ake adzakula nalo.

Aphungu