Mapazi Onse Awiri Afike Pansi

Kuseri kwa Mua,
Mtakataka,
Dedza.
21 Julaye 2019

Okondedwa alamu anga a Raphael,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ku Joniko, inuyo, mayi akunyumba ndi ana. Tikumva kuti mwezi uno kumeneko kukuzizira koopsa. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Kuno Mulungu akutisunga. Mpunga wa ku Bwanje tinamweta, tapuntha, uli m'matumba. Amayi anu ali bwino, kupatula bondo lija limene limawavuta m'mawa. Alongo anu a Agatha ali moyo, ali bwino, akudya ndiponso akuseka. Mawu amenewa ndawalemba dala, chifukwa mwina mphekesera yandipitirira kale.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Ine pafoni ndimachita chibwibwi, mayunitsi n'kutha ndisanafike pamutu pa nkhani. Komanso mu envelopumu muli kansalu kakatali kokhala ndi mfundo, kamene foni singanyamule. Musakataye, ana asaseweretse, ndipo mfundozo musamasule. Ndifotokoza zonse mwandondomeko.

Chithunzi cha njinga imene mwasankhira alongo anu chinafika pafoni ya mwana wathu Tawina, ndipo mudzi wonse wachiona. Njinga yofiira, matayala akuluakulu a 29, mashoko kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Anyamata akabaza akuti imeneyo si njinga, ndi galimoto imene yangosowa injini. Zikomo, alamu. Si mlongo aliyense amene amakumbukira kwawo motere.

Inu munachoka a Agatha asanayambe ntchito yawo ya katemera wa chitopa, choncho mumangoimva. Ine ndimaiona. Alangizi a ziweto anawaphunzitsa kudontheza dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse. Kabotolo kake amakakulunga m'kansalu konyowa, n'kuika m'kadengu, chifukwa sikafuna dzuwa, ndipo kakatsegulidwa sikachedwa kutha mphamvu. Akafika pamudzi amaitana amayi mayina awo, ndi nkhuku zomwe amazidziwa kuti yathadzi ndi ya uje, tambala wolumala ndi wa uje. Anthu anasiya kuwatchula dzina, akungoti Mayi Dontho.

Vuto ndi midzi ya kumtunda, m'munsi mwa phiri, kumene njira ndi miyala yokhayokha. Chaka chatha anapitako wapansi, anafika mochedwa. Anapeza makola ali pululu, nthenga zili mbwee pabwalo. Mayi wina wamasiye anawaonetsa kamwanapiye kamodzi kamene kanatsala. Alongo anu atabwerako sanadye, anangokhala pakhonde.

M'mawa mwake anatenga njinga yanga ija yachitsulo chapakati n'kunena kuti ndiwaphunzitse. Munthu woti ali ndi mdzukulu! Mukudziwa kuti alongo anu ndi aafupi. Ankalowetsa mwendo pansi pa chitsulo ngati mwana, n'kumapalasa chopendekeka. Ana ankawaseka, iwo n'kumaseka nawo. Tsiku lina anagwa potsika pakhwawa, bondo linasupuka, chigongono chinatupa. Nditathamangira ndinawapeza ali gone m'fumbi, dzanja limodzi lili m'mwamba, litagwira kadengu. Mawu awo oyamba anali akuti ndione ngati kabotolo kasweka. Sikanasweke.

Tsopano ndifike pa zimene ndachita ine.

Munanena pafoni kuti a kusitolo akufuna msinkhu wa munthu ndi kutalika kwa mwendo. Atelala a m'mudzi muno anali atapita ku Salima ndi tepi yawo. Ine ndinasolola bango limodzi pa mtolo umene ndinadulira mpanda, n'kuwaimika a Agatha kukhoma. Ndinayeza, n'kuyezanso, koma nthawi iliyonse chizindikiro chinkagwera pena. Pansi pa khonde lathu mpokumbika, khoma nalo ndi lopendama, duku nalonso limawonjezera. Mtima wanga sunakhazikike. Ndinaganiza kuti ndikalakwitsa ndi chala chimodzi, inu mugula njinga yolakwika chifukwa cha ine.

Ndiye ndinayala mphasa pabwalo n'kuwauza kuti agone chagada, awongoke bwinobwino. Anandiseka, amvekere bambo a Tawina, inu mukanakhala mmisiri nyumba imodzi bwenzi mukumanga mpaka imvi. Komabe anagona. Dzuwa linkawathobwa, choncho anatsinzina, manja n'kuika pachifuwa. Ine ndinagwada, n'kugoneka bango m'mbali mwawo kuyambira kuchidendene, n'kulithyola polekeza mutu.

Nthawi yomweyo amayi anu anatulukira kuseri kwa nkhokwe atanyamula lichero.

Alamu, kulira kumene analira amayi sindidzakuiwala. Lichero uko, nandolo mbwee. Anthu anathamanga kuchokera kumijigo ndi kumadimba, amayi ena anayamba kale kubuma asanafike n'komwe. Pamene a Agatha anadzambatuka n'kufunsa kuti kwagwanji, zinthu zinaipiraipira. Theka la anthu linathawa. Mayi wina anataya ndowa n'kudumpha mpanda umene mbuzi zanga zimaulephera.

Lero anthu akuseka, koma tsikulo panalibe choseketsa. Ine ndakhala nawo kumanda kambirimbiri, ndaona adzukulu akubwera ndi bango loyezera malemu asanayambe kukumba. Ndikudziwa bwino lomwe kuti wamoyo sayezedwa chogona, ndi bango. Koma mutu wanga unali pa njinga basi, china chilichonse chinandichoka.

Amayi anati mkamwini waitanira mwana wawo imfa masanasana. Anati njingayo ndi bokosi lamatayala, isadzaponde m'mudzi muno, ndipo ngakhale yanga yakaleyo a Agatha asadzaikhudzenso. Bango analitola ndi masamba n'kukalitaya kumtsinje. Ine ndikanayankha bwanji apongozi maso ndi maso? Ndinangoima kuseri kwa nkhokwe, nkhope kumbali, n'kumapepesa kudzera mwa Tawina. Anamubweza, akuti mawu a bambo akowo kawauze adzukulu.

Apa ndiye ndinaona nzeru za alongo anu. Sanakangane ndi amayi, sanatchulenso za njinga. Linafika tsiku la msika ku Golomoti, anangoti amayi tiyeni tikagule mankhwala opaka pabondo. Anakwera minibasi, ine n'kukwera yotsatira. Mankhwala anaguladi, kenaka anati dzuwa lawawa, tiyeni tipume pamthunzi apo. Mthunziwo unali wa mtengo umene a Yohane amakonzerapo njinga.

Tsiku la msika pamenepo pamakhala njinga zamitundumitundu zodikira kukonzedwa. A Agatha anawakhazika amayi pabenchi, iwo n'kuyamba kuyesa imodziimodzi ngati akusankha chitenje. Ine ndinaima patali pang'ono, pafupi ndi ogulitsa nzimbe, koma zonse ndinamva ndipo ndinazisunga.

Panali ina yofanana ndi yanuyo, ya matayala a 29, ya aphunzitsi ena aatali. A Agatha ataitangadza, chitsulo chapakati chinawanyamula, zala zokha za kumapazi n'kumakanda dothi. Pofikira mahandulo anachita kugona chafufumimba. A Yohane anaseka, akuti mayi, pamenepo simukwera njinga, njinga ndiyo yakwera inu. Anati matayala akuluwo ndi abwinodi, amadutsa pamwala ngati palibe kanthu, koma amafuna munthu wamiyendo. Anatinso chubu chake chikaphulika muyenera kutuma munthu ku Lilongwe, pamene cha 26 chili m'golosale iliyonse kuchokera ku Golomoti mpaka ku Mtakataka.

Za mashoko anafotokoza motere. Akutsogolo ndi ofunika, chifukwa pamiyala manja sachita dzanzi ndipo kadengu sikagwedezeka kwambiri. Akumbuyo ndi a anthu okwera njinga mongosangalala. Pokwera chitunda njinga imangovinavina n'kumadya mphamvu ya wopalasa, kaliyala ilibe pomangirira, ndipo akatha ntchito kuno palibe amene angawatsitsimutse. Iwo eni anaonetsa ina imene yakhala chipachikire mumtengomo chifukwa cha vuto lomwelo.

Kenaka anatulutsa ina yaing'ono yabuluu, ya mayi wina wazaumoyo. Matayala a 26, mashoko kutsogolo kokha, chitsulo chapakati chotsetserekera kuchishalo. A Agatha ataitangadza, mapazi onse awiri anaponda pansi phwathalala, pakati n'kutsala mpata wolowa dzanja. Mahandulo anawagwira msana uli wowongoka, zigongono zopindika pang'ono. Mwini wake anali pomwepo, anati tayesani, mayi.

Alamu, ndikanakonda mukanaona. Anamanga chitenje zolimba, kadengu kutsogolo, n'kulowera njira yoipa ija ya kuseri kwa msika, yotsikira kukhwawa. Anatsika ataimirira pamapedulo, miyala ikuthawa uku ndi uku. Anafika pansi, anatembenuka, magiya n'kulira kete kete, n'kuyamba kukwera. Ine ndinkadikira kuti atsike azikankha. Sanatsike. Anakwera mpaka pamwamba, anyamata akabaza akuimba malikhweru, wina akufuula kuti Mayi Dontho awatengera makasitomala. Atafika pabenchi anagwira mabuleki, n'kuponda pansi ndi mapazi onse awiri, phee, osapendama.

Amayi anali ataphimba nkhope ndi manja, koma zala zinali zotakasuka. Anatsitsa manjawo pang'onopang'ono. Kenaka anati mwana ameneyu anatengera bambo ake kuuma mutu. Amayiwo anafunsa a Yohane ngati pa njinga yotero munthu angaime paliponse pamene wafuna. A Yohane anati paliponse, agogo, bola mapazi azifika.

Titabwerera kumudzi a Agatha anang'amba kansalu m'mphepete mwa chitenje chakale n'kupereka kwa amayi. Anati amayi, munandibereka ndinu, ndiyezeni ndinu, ndili chiimire, maso ali gwa, anthu akuona. Amayi anang'ung'udza, koma anagwada ndi bondo lawo lowawalo, n'kuyeza. Mfundo zimene mukuzionazo anamanga ndi manja awo. Ine sindinaloledwe kukhudza, mu envelopu waikamo ndi Tawina.

Kawerengedwe kake ndi aka. Yambirani kumene kuli ulusi wakuda, kumeneko ndiye pansi. Mfundo yoyamba ndi kutalika kwa mkono, kuchokera paphewa kufika pachibakera. Mfundo yachiwiri ndi mwendo, ndipo chitsulo chapakati chikhale m'munsi mwa mfundo imeneyi ndi mpata wa dzanja. Kansalu konse ndiye msinkhu wawo, opanda duku, opanda nsapato. Poyeza musakoke kwambiri, nsaluyo ndi yakale, imatamuka.

Atamanga mfundo yomaliza amayi ananena mawu awo pamaso pa anthu. Tsiku limene njinga idzafike, a Agatha adzaitangadze pabwalo pomwe panali mphasa paja. Mapazi onse awiri akadzafika pansi, ayende, amayi adzawadalitsa. Chidendene chikadzangotukuka ngakhale pang'ono, njingayo idzapachikidwa kudenga, ndipo nkhani ya njinga idzathera pomwepo mpaka kalekale. Amayi anu mumawadziwa, sabweza mawu.

Choncho pempho langa ndi ili, ndipo ndikulipereka nditagwada. Yofiira ija isiyeni. Ndikudziwa kuti munaisankha ndi mtima wonse, mwina mwaonetsa kale anzanu, ndipo si malo anga ine mkamwini kuuza mwini mbumba chogulira mlongo wake. Koma ikabwera imeneyo, a Agatha sadzakweranso njinga. Tengani kansaluka, mupite nako kusitolo. Akakusekani asiyeni aseke. Gwadani pansi muyeze nokha. Matayala a 26, mashoko kutsogolo kokha, felemu yaing'ono yachitsulo chotsetsereka. Ikakhala yosaoneka bwino pachithunzi zilibe kanthu.

Ndikuuzeninso chimene sindinauze munthu. Tsiku limene amayi analetsa njinga, mbali ina ya mtima wanga inakondwa. Ine ndine wamantha, alamu. A Agatha akapita kumtunda sindigwira ntchito yooneka, ndimangosuzumira kunjira, galu akauwa ndimayesa uthenga. Ndinati bola aletsedwe, azikhala pakhomo ndiziwaona. Koma ku Golomoti kuja ndinaona nkhope yawo pamene amatulukira pamwamba pa chitunda, thukuta lili kamukamu, akuseka ngati mtsikana. Ndinachita manyazi pakati pa anthu ogula nzimbe. Munthu wotere sungamusunge pakhonde. Mantha anga ndithana nawo ndekha, inu mungondithandiza kuti mapazi awo azifika pansi.

Musachedwe. Kukangoyamba kutentha chitopa chimayambira kumtunda komweko, ndipo mayi wamasiye uja nkhuku zake zachulukanso. Dalaivala amene wakupatsani kalatayi akuti pobwerera malo a njinga adzakhala nawo. Muikulunge bwino ndi makatoni, makamaka pa magiya.

Ndimati nditseke envelopu, Tawina wabwera kuchokera kwa agogo ake. Aka ndi koyamba amayi kunditumizira mawu chichitikire za bango. Akuti kawauze bambo ako alembenso kuti kumbuyo kukhale kaliyala yolimba, osati tizitsulo tamasewera. Tawina atafunsa kuti ya chiyani poti kadengu kamakhala kutsogolo, amukalipira, akuti kodi munthu wa bondo lowawa azipita wapansi ku Misa ku Mua mpaka liti?

Ndiye kaliyalayo musaiwale, alamu. Ndipo ikhale yotakata.

Mupereke moni kwa mayi akunyumba, kwa ana, ndi kwa onse akwathu amene mumakumana nawo kumeneko. A Agatha akuti muvale zofunda. Ambuye akusungeni pantchito ndi panjira, mpaka tidzaonane maso.

Ndine mlamu wanu,
Ignasio, bambo a Tawina