Kambota ya Bambo Isakwere Sikelo

Nampula
Lolemba, 9 Okutobala

Achemwali anga a Rahma,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino inu, alamu anga a Haji ndi ana. Nanga bondo la amayi likutupabe? Ine thupi lili bwino, koma mtima sukukhala pansi. Ndalemba m'malo moimba foni chifukwa pakamwa ndimazemba nkhani, ndipo ndikufuna muwawerengere amayi osadumpha mzere.

Kuno kuntchito kwatentha. A Dona Alzira, eni galaja, anena kuti ntchito yachepa, ndiye mwa amakaniko awirife asunga mmodzi. Mnzangayo ndi Vitorino, amene anagwirapo ku Joni. Atipatsa aliyense galimoto yakufa kuti aimangire injini yothamanga, poti eni magalimoto kuno apenga ndi liwiro. Kumapeto kwa mwezi tikaziyesa pa msewu wa ku Rapale, wotsala m'mbuyo alongedze zipanala zake.

Vitorino amaitanitsa zitsulo zatsopano zokhazokha, zonyezimira m'makatoni, ndipo amandiseka kuti ndine fisi wa ku sukata, kumene amataya magalimoto ophwanyika. Aseke. Ine ndimati zimene zimatha ndi kukhukhuzana, monga maring'i ndi mabering'i, ugule zatsopano. Koma chitsulo chachikulu chimene chayenda zaka osathyoka chaonetsa kale mtima wake. Thupi la injini ndinalitola m'galimoto yogubuduzika, mutu wake ndinauparitsa pang'ono kuti mphamvu ichuluke. Italira koyamba, ngakhale Vitorinoyo anasiya kudya chinangwa chake n'kubwera kudzasuzumira.

Tsono ndinalakwa ndekha. M'mimba mwa injini muli chitsulo cholemera chokhotakhota, kuno timati kambota. Bambo anandiphunzitsa kuti uzichipachika pachingwe n'kuchigogoda ndi hamala. Chabwino chimalira nthawi yaitali, chamng'alu chimangoti phu. Chimene ndinatola ku sukata chinati phu. Ndinamva ndithu ndi makutu angawa, koma ndinadzinamiza kuti ndi dzimbiri chabe, chifukwa ndinkafuna kumaliza Vitorino asanamalize. Loweruka lapitali chinathyokera panjira, galimoto tinachita kuikoka ndi chingwe anthu akuonerera. Kuthamanga si kufika. A Dona Alzira sanakalipe, anangofunsa ngati ndikupitiriza kapena ndagonja, ndipo ndikanakonda akanandilalatira.

Ndazungulira sukata zonse za Nampula, kambota yamtundu umenewu yabwino palibe. Yatsopano akuti ingafike mwezi wamawa, mpikisano utapita. Imene ndikuidziwa ine ndi imodzi, ya pikapu ya bambo ija inkatuta nsomba zouma kuchoka ku Chiuta kupita ku Entre Lagos.

Apa ndiye manyazi andigwira. Injini imeneyo ndinaimasula ndine, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ndinawauza bambo kuti ndikupita kukagula maring'i, ndibwera pakatha sabata. Ndinapeza ntchito kuno, sabata ija sinathe mpaka lero. Munandiuza kuti dzinja lililonse bambo ankaitulutsa kambotayo kunsi kwa bedi, kuipaka girisi, n'kuikulunganso m'thumba, akunena kuti mwini ntchito akubwera. Pamaliro awo chaka chatha sindinafike, ngakhale pa sadaka ya masiku makumi anayi. Ndinanamizira ntchito. Zoona zake ndinkaopa maso a anthu.

Dzulo pafoni munati ogula zitsulo pa sikelo adzafika kumudziko Lachisanu, ndipo amayi akufuna zonse zichoke m'nyumba. Nditapempha kuti kambotayo muikweze chapa, minibasi ija ya ku Cuamba, amayi anayankha kuti womasula adzatenge yekha. Ndinapsa mtima n'kukudulirani foni. Pepani, achemwali, munali mthenga chabe. Kuyambira pamenepo ndikungolowa ndi kutuluka m'galaja ngati nkhuku yofuna poikira, sipanala ndaitaya kawiri ili m'thumba mwanga.

Pempho langa ndi limodzi. Zina zonse agulitse, koma kambota isakwere sikelo. Anthu amenewo sadziwa kusiyanitsa chitsulo chamoyo ndi khasu lothyoka, amangoponya pamulu, ndipo ikangokalika basi yatha ntchito. Alamu aichotse pansi pa bedi osaikhwekhwereza, aiimike chilili pakona, thumba lake lisachoke. Ana asaiyese chidole.

Ndapempha masiku atatu, a Dona Alzira andipatsa monyinyirika, Vitorino akumwetulira. Ndikwera sitima ya ku Cuamba, kenako chapa mpaka ku Insaca, Mulungu akalola Loweruka ndili pakhomo. Amayi akandikaniza kambotayo ndidzamva, ntchito ithe ngati ikutha. Akafuna kundinena, anene zonse, sindidzayankha.

Mupereke moni kwa amayi, kwa amalume, kwa azakhali a ku Entre Lagos ndi kwa ana anu onse. Wamng'ono uja Zakiya mumuuze kuti amalume ake a pachithunzi aja ali ndi miyendo.

Alamu a Haji muwapemphe kuti Loweruka asapite kunyanja. Inu akazi simufika kumanda, ndipo ine sindidziwa pamene bambo anagona. Andiperekeze ndisanakhudze chitsulo chilichonse.

Ndine mlongo wanu wosowa uja,
Zubairi