Zipilala za Bambo Zisagwe

Edinburgh, 14 Epulo 2009

Okondedwa achimwene Ezekiele,

Ine Rozaria, mlongo wanu wa madigiri awiri, ndikupereka dandaulo mwaulemu wonse. Pa chithunzi chimene munatumiza chija, lole yanu yatsopano yaoneka yonse mpaka matayala, koma amayi mwawadula mutu. Kodi akudzuka bwanji ndi miyendo ija? Nanga inu ndi alamu? Ine ndili bwino, kungoti dzuwa la kuno ndi lokongoletsa chabe.

Pafupi ndi pamene ndimakhala pali paki yozunguliridwa ndi nyumba. Polowera pake pali zipilala ziwiri zamiyala, zakuda bii ndi utsi, za zaka mazana awiri. Chitseko chake chachitsulo akuti chinachotsedwa nthawi ya nkhondo, ndiye zangoima, sizitsekereza ngakhale galu. Lachiwiri lapitali ndinamangirirapo njinga. Panatulukira mayi wina wandodo nandiuza kuti miyalayo ndi yotetezedwa ndi lamulo, ndikangoikanda tikaonana kukhoti. Ndinapepesa, ine amene sindinapepesepo ngakhale kwa asisitere ku Mua.

Tsiku lomwelo mng'ono wanga Felesita anandiuza pafoni kuti mukufuna kugwetsa zipilala za malemu bambo pakhomo pathu, ati lole ikasenza mpunga wa ku Bwanje sikwana pakati pake. Bambo anatuta miyala ija kuphiri pa njinga, Loweruka lililonse, kwa zaka zitatu. Anatisiya asanaike chitseko kapena mpanda, ndipo Mtakataka yense ankaseka. Lero ndaona kuti anangotsogola: kuno zoterezi alendo amaima pamzere kuzijambula.

Achimwene, mpanda palibe! Loleyo izilambalala, monga zimachitira mbuzi ndi aliyense wanzeru. Ndikudziwa, mukufuna izilowera pakati kuti anthu aziona. Ndipo musandiuze kuti wakutali alibe mawu. Pamudzipo ndi pa amayi, ndiye kuti ndi panga ndi Felesita. Inu munapatsidwa kuyang'anira mbumba, osati kugumula.

Pempho langa ndi limodzi: musakhudze mwala ngakhale umodzi mpaka ndibwere mu Disembala.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume a Zakariya, alamu ndi ana onse.

Mukagwetsa, chipukuta misozi changa ndi ichi: inu ndi dalaivala wanu mudzaima pamalopo, wina uku wina uko, dzuwa ndi mvula, zaka mazana awiri. Ine ndidzabwera kudzamangirirapo njinga.

Ndine mlongo wanu wosagonja,
Rozaria