Mawu Amene Sindinamasulire

Lachiwiri, 10 Okutobala

Makatoni 14. Zaka 27 za umishonale ku Japan zakwana m'makatoni 14, ndipo asanu ndi mabuku amene amuna anga, bambo a Ye-rin, sangathenso kuwerenga. Chiwagwireni sitiroko chaka chatha, Chijapani chikuwathawa. Lero ku positi ofesi aiwala mawu oti sitampa. Anangoloza pakona ya envulopu ngati mlendo wofika dzulo.

Kalata ya bungwe la mishoni ku Seoul ndaiwerenganso. Akuti tikapume. Satumiza wina. Mpingo utsekedwa, otsala azikwera sitima ola lathunthu kukapemphera ku Hamada. Otsalawo ndi asanu, wamng'ono pa onse ali ndi zaka 66.

Lachinayi, 12 Okutobala

Abusa Gu a kubungwe aimba foni, akulemba lipoti. Afunsa kuti tinabatiza angati. Ndati naini. Kenako: "Naini pachaka, mayi busa?" Ndati ayi, zaka zonsezi, ndipo anayi tinawaika kale m'manda. Akuti nthaka ya Japan ndi youma, aliyense akudziwa. Iwo kuno anangofikako kamodzi, kudzasamba m'madzi otentha a kumapiri.

Mwana wathu Ye-rin sabwera Lamulungu. Mwana wake ali ndi masewero a kusukulu ku Osaka. Ndati palibe kanthu. Kalipo.

Loweruka, 14 Okutobala

Mayi Moriwaki a khomo loyandikana abwera kudzandithandiza kukulunga mbale. Zaka 19 akubwera ku kalasi yanga ya Chikoreya, akudya kimchi wanga, ndiwo zathu za kabichi wa tsabola, Lamulungu akukhala pampando wakumbuyo. Ubatizo akukana mpaka lero. Amati akabatizidwa, mpunga wa nsembe paguwa la malemu amuna awo m'nyumba aziika ndani?

Andiseka kuti ndikunyamula mbale zong'aluka ngati ku Korea kulibe mbale. Ndati zong'alukazo anang'alula ndi iwo. Mitsuko ya kimchi atenga okha osapempha. Tinaseka, kenako tonse tinangoyamba kukulunga mofulumira.

Lamulungu, 15 Okutobala

Ulaliki wotsiriza. Anthu 11, kuphatikizapo wometa tsitsi ndi mkazi wake amene anangobwera mwaulemu.

Bambo a Ye-rin anakonzekera sabata ziwiri, zilembo zikuluzikulu papepala. Tsamba loyamba linayenda. Pakati pa lachiwiri anaima, n'kuyang'ana pepala nthawi yaitali, n'kupitiriza m'Chikoreya. Anthu mitu pansi. Ndinadzuka n'kukaima pambali pawo kuti ndizimasulira. Zaka zonsezi malo anga anali ku limba ndi kukhitchini, kutsogolo kuja ndinali ndisanaimepo.

Ananena za Mose woona dziko ali patali, ndinamasulira. Anatchula anayi aja mayina, ndinamasulira. Kenako anapinda pepala n'kuwerama kwambiri.

"Ndakulepherani. Ndinabwera kudzamanga mpingo, ndikukusiyani opanda m'busa, opanda nyumba. Mlandu ndi wanga. Mundikhululukire."

Munthu ameneyu wakhala akuchotsa ndi fosholo chipale chofewa pamakomo a nkhalamba za mudzi uno zaka 27. Mayi ake anamwalira ku Busan iye ali kuno kusambitsa bambo Adachi atathyoka chiuno. Apepese chiyani? Kwa ndani?

Ndinati m'Chijapani: "Abusa akuti zikomo chifukwa cha zaka zonsezi. Akuti sadzakuiwalani."

Onse anawerama. Bambo Adachi, mkulu wa mpingo, anapereka maluwa ndi mawu okonzeratu. Tinamwa tiyi. Basi.

Lolemba, 16 Okutobala

Sindinapemphere lero. Ndinagwada, ndinadzuka.

Lachitatu, 18 Okutobala

Amisiri atsitsa mtanda padenga, ntchito ya mphindi makumi awiri. Mwini nyumba akuti pakhala shopu yochapira zovala. Makiyi tapereka.

Mayi Moriwaki anatiperekeza ku siteshoni atanyamula kamba wa paulendo. Bambo a Ye-rin atapita kukagula matikiti, anandigwira mkono n'kulankhula m'Chikoreya chawo chija cha m'mafilimu a pa TV.

"Mayi busa, Lamulungu munatinamiza. Ine ndinamva zonse."

Ndinati bwanji osanena pomwepo? Akuti si zawo. Akuti koma mawu aja anali athu, mwamunayo anatipatsa ife, inu munawaika m'thumba. Ndinati mawu abodza sindingapereke kwa anthu. Anandiyang'ana n'kunena kuti nanga amene ndinaperekawo anali otani.

Sitima inafika. Anawerama, ndinawerama. Sitinakumbatirane. Zaka 19.

Lachisanu, 20 Okutobala

Busan. Sitima yapamadzi inafika dzulo m'mawa. Alamu anga, mng'ono wa bambo a Ye-rin, atipatsa chipinda chimene amayanikamo zovala, akuti mpaka tipeze kwathu. Mkazi wawo ndi wabwino, koma makatoni akuwayang'ana ngati alendo ena 14.

Kumsika ndinawerama kwa wogulitsa nsomba, anandifunsa ngati ndine Mjapani. Anthu akufuula, akugundana osapepesa. Kwathu ndi kuno, akutero.

Lamulungu, 22 Okutobala

Mpingo umene unatituma. Anthu zikwi ziwiri, zikwangwani zowala, ng'oma. Anatiitana kutsogolo mphindi zitatu pakati pa zolengeza. Abusa aakulu analakwitsa dzina la mudzi wathu kawiri. Amene anatisanjika manja potituma ambiri anafa. Anatipatsa chikwangwani chagalasi cholembedwa "Atumiki Okhulupirika". Cholemera. Ndachiika pansi pa bedi.

Ku Japan nthawi imeneyo asanu aja ayenera kuti anali m'sitima ya ku Hamada. Kapena sanapite n'komwe.

Lachiwiri, 24 Okutobala

M'mawa eni nyumba atachoka, bambo a Ye-rin anaika pepala ndi cholembera patebulo.

"Mayi a Ye-rin, kulankhula kwandithawa, koma makutu alipo. Ndinakumvani tsiku lija mukumasulira."

Ndiye ankadziwa. Masiku onsewa osanena kanthu. Ndinati simunalephere, alephera ndi a ku Seoul, mwina alephera ndi Mulungu Mwiniwake amene anatituma kumeneko n'kukhala chete. Ndinanenadi choncho, mokweza. Sanandidzudzule. Anangoti iwo analonjeza anthu aja kuti adzawaika m'manda mmodzimmodzi, ndipo lonjezo saliswa mwakachetechete.

Ananena m'Chikoreya, ine ndikulemba m'Chijapani, kalata yopita kwa asanu aja. Mawu omwe aja, osachotsapo ngakhale amodzi. Ndinawawerengera kawiri, akutsatira ndi chala. Anasaina ndi dzanja lamanzere, dzina lopotoka. Kenako anandipatsa cholembera n'kuloza pamalo otsala pafupi ndi dzina lawo.

Ndinatseka cholembera. Anandiyang'ana pang'ono, n'kupinda kalata okha.

Kupositi ndinapita ndine. Yapita ndi dzina limodzi.