Pepala Lopinda la a Yotamu

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Ife kuno ku Kanakantapa tilipo, tikudzuka.

Ndiyambe ndi a Yotamu, ahedi aja amene anandichotsa uphunzitsi, chifukwa mukanakhala pano mukanandifunsa ngati ndinawaiwala. Sindinawaiwale. Akadali moyo. Mwana wawo anagula puloti pafupi ndi Chongwe, pakati pa nyumba zatsopano za anthu ogwira ntchito ku Lusaka, ndipo anawatenga kuti azikhala nawo. Ndinawaona mwezi watha ndili m'minibasi, atakhala pampando wa pulasitiki pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili pabondo. Akuti maso anafooka. Ndinayang'ana kumbali mpaka titadutsa, ngati kuti wolakwa ndine.

Koma imvani kaye za pakhomo. Mkazi wa mwana wanga Jemusi, mdzukulu wanu uja, anabereka mwana wamkazi ndipo tinamutcha Esitere, dzina lanu. Akakwinya pamphumi ndi inu ndithu, mmene munkachitira posankha mtedza wovunda. Mvula chaka chino inatikumbukira, osati ngati chaka cha chilala chija pamene chimanga chinauma chisanabereke. Nkhokwe yadzaza, ngakhale mbozi zinadya munda wakumunsi. Ng'ombe yathu yamawanga inafa ndi denkete, matenda aja a nkhupakupa. Mpongozi wanu aNaphiri akudandaula mawondo, koma kumunda wa tomato salola munthu wina kuthirira, akuti tonse timathira madzi ngati tikuzimitsa moto.

Nkhani yaikulu ndi ya mwana wanga Tamala. Mukumukumbukira, kamtsikana kaja kankakutsatirani kumunda n'kumadya dothi, inu n'kumakamenya kadzanja. Dothi lomwelo ndilo likumudyetsa tsopano. Anaphunzira za nthaka mpaka anthu akumutcha dokotala, ngakhale sabaya jakisoni, ndipo amaphunzitsa pa yunivesite ya boma ku Lusaka. Ine ndinkayesa kuti munthu akafika pamenepo wafika, palibenso womugwedeza. Ndinalakwa. Aphunzitsi a kumenekonso amayamba ndi zaka zoyesedwa, ndipo zikatha amaweruzidwa, kaya akhazikike pantchito, kaya anyamule mabuku ake azipita. Chaka chino inali nthawi ya Tamala.

Anabwera Loweruka lina chimanga chikuyamba kukhwima, ali ndi envulopu m'chikwama. Titakhala pakhonde anandiuza kuti mkulu wa dipatimenti yawo walemba lipoti la ntchito yake. Zambiri zinali zabwino, koma munali mawu akuti sapezekapezeka muofesi ndiponso amajomba kumisonkhano. Amayi, ndinamva fungo la choko ndi la ofesi ya a Yotamu ngati linali dzulo. Ndinamuuza kuti asaine msanga asanakwiyitse munthu, ndipo ine ndigwire atambala awiri ndi thumba la mtedza kuti akapereke kwa mkuluyo mwaulemu. Anaseka mpaka kugwira chipilala.

"Atate, izo nkhuku mudye na amai," anatero. "Nikapeleka nkhuku ndiye bazanichosa nchito zoona."

Kenaka anandipatsa lipotilo m'manja. Ndinalitembenuza uku ndi uku, Tamala n'kundifunsa chimene ndikufuna. Ndinkafuna popinda. Panalibe. Masamba onse anali otambasuka, mawu onse ali poyera, abwino ndi oipa omwe. Kumunsi kwa tsamba lomaliza kunali malo aakulu osalembedwa, oposa chikhatho changa, ndipo pamwamba pake panali mawu achingerezi amene ndinawawerenga ndekha pang'onopang'ono: malo a yankho la woweruzidwa. Tamala anati lamulo lawo sililola lipoti kupita patsogolo mwiniwake asanaliwerenge. Amamupatsa masiku kuti apite nalo kwawo akaganize. Anatinso kusaina pamenepo sikutanthauza kuti wavomereza, koma kuti wawerenga basi. Ndinamuuza abwereze mawu amenewo. Anabwereza. Ndinatinso abwereze.

Tsopano ndikuuzeni zimene sindinakuuzeni muli moyo. Tsiku lija ndinabwera kwathu ku Nkomeshya ndi katundu pamutu, ndinangoti ntchito yatha, inu n'kunena kuti munda sukana mwini. Simunafunse zambiri, ndipo ine ndinathokoza mumtima. Zinayenda chonchi. Mukudziwa kuti ndinalekera Fomu 2 ndipo ndinkaphunzitsa ana aang'ono ndilibe kosi ya uphunzitsi. Kuti ndipite kukoleji ndi kukhazikika pantchito pankafunika lipoti la ahedi. A Yotamu anandiitana muofesi nthawi yopuma. Pathebulo panali pepala lopindidwa kawiri, moti pankaoneka kamzere ka pansi kokha, ndipo dzanja lawo linali litatsamira popindapo.

"Sainani apa, aphunzitsi, ana akudikira," anatero.

Ine ndinakumbukira mawu anu akuti cha mkulu landira ndi manja awiri, maso pansi. Ndinagwada pang'ono, ndinalandira cholembera ndi manja awiri, ndinasaina maso ali pansi. Ndinathokozanso potuluka. Patapita miyezi iwiri kunabwera kalata yakuti ntchito yanga sikufunikanso, malinga ndi lipoti limene ine mwini ndinavomereza. Ndinapita kukafunsa kuofesi ya maphunziro, ndipo kalaliki anangoloza chala m'mwamba, kwa akuluakulu, n'kuti munthu wosaina yekha alibe mlandu ndi wina. Malo anga akukoleji anapita kwa mlamu wawo wa a Yotamu. Mpaka lero, Amayi, ndili ndi imvi ndi zidzukulu, sindidziwa chimene chinali pansi pa dzanja lija. Kaya analemba kuti ndine chidakwa, ine wosadziwa kukoma kwa mowa. Kaya analemba kuti ndine mbuli. Ndalima zaka zonsezi ndikulemba lipoti limenelo m'mutu mwanga, tsiku lililonse mawu ena.

Sindikukuimbani mlandu. Ulemu umene munandiphunzitsa unandidyetsa m'makomo ambiri ndipo unandipezera mkazi wabwino. Koma tsiku limenelo unanditseka maso.

Ndiye mumvetse chifukwa chake ndinamugwira Tamala masana onse aja kuti andifotokozere malamulo awo, iye akuswa mtedza ndi amayi ake. Akuti ophunzira nawonso amalemba za mphunzitsi wawo, ngati amafika nthawi yake ndi ngati zimene amaphunzitsa zimamveka, osaikapo maina. Ana kuweruza mphunzitsi! Ndinaganiza za tiana tanga tija ta mamina, ndipo ndikhulupirira kuti akanatifunsa tikanandinenera zabwino. Akutinso mphunzitsi wa kumeneko sangangophunzitsa, ayenera kufufuza zinthu zatsopano n'kuzilemba. Zimene Tamala analemba za kuwawasa kwa nthaka yathu ndi laimu wothira m'munda, zija anakumba maenje m'munda mwanga ine n'kumadandaula, anazitumiza kwa akatswiri a kumaiko ena atachotsapo dzina lake. Anthu osamudziwa, osadziwa ngati ndi mkazi kapena mwamuna, ngati atate ake ndi nduna kapena ndi ine, anawerenga za munda wanga wakumunsi n'kunena ngati ntchitoyo ndi yoona. Ndinayang'ana mundawo tsiku limenelo ngati ndauona koyamba.

Chimene chinandidabwitsa koposa ndi cha komiti yoweruza. Mlandu wa munthu suweruzidwa ndi mkulu mmodzi atatseka chitseko. Amakhala angapo, ndipo amene ali pachibale ndi woweruzidwa, kapena amene anakangana naye, ayenera kunena yekha n'kutuluka panja. Munthu akakanidwa, amauzidwa chifukwa chake polemba, ndipo angathe kukadandaula kwa anthu ena amene sanakhale nawo pachiweruzo choyamba. Ngakhale pulofesa wa imvi ngati zanga amaunikidwa chaka ndi chaka. Ndinafunsa kuti amene anakhala pansi kuganiza zonsezi ndani. Tamala anati sakudziwa, mwina ndi anthu ambiri amene anapsapo kale. Ndinati ndiye kuti tinali ambiri.

Iye sanafune kuti nditame kwambiri. Anati kumeneko si kumwamba. Nsanje iliko, makomiti amachedwa kukhala, ndipo mnzake wina wophunzitsa bwino anachotsedwa chifukwa sanalembe kanthu zaka zonse zoyesedwa. Ndinafunsa ngati mnzakeyo anauzidwa chifukwa chake. Anati inde, anawerenga yekha ndipo anayankha, kungoti yankho silinakwane. Ndinati ameneyo wagwa, koma akudziwa mwala umene unamukhumudwitsa. Ine wanga sindinauone.

Yankho lake analembera pathebulo langa Lamulungu titachoka kutchalitchi. Anafotokoza kuti masiku amene sanali muofesi anali m'minda ya kuno ndi ophunzira, ndipo anaphatikizapo mapepala a chilolezo amene mkulu yemweyo anasaina. Za misonkhano anavomera kuti iwiri anaiphonya popanda chifukwa chabwino. Ndinamunong'oneza kuti chimenecho asalembe, munthu sadzipereka yekha kwa fisi. Anandiyang'ana n'kuti, "Atate, aya malo si yonamilapo. Nikanama apa, na vazoona vizaoneka monga boza." Ndinachita manyazi, ine amene ndinamuphunzitsa kugwira pensulo.

Komabe mantha sanandichoke. Kuyankha mkulu wako polemba, pepala n'kupita kwa akuluakulu ena! Ndinaona ngati mwana wanga waponda mchira wa njoka. Tinakolola, tinatonola, mphepo ya Juni inabwera n'kupita, yankho osabwera. Ndikamva foni ya aNaphiri ikulira ndinkasiya khasu. Ndinkamuona Tamala akutsika minibasi ndi katundu pamutu monga ine, ndipo ndinkadziwa kuti sindingathe kumuuza kuti munda sukana mwini.

Anatsikadi minibasi, koma ndi envulopu yokha. Wakhazikika, Amayi. Kalata inanena zifukwa zake, ndipo inamuchenjezanso za misonkhano. Ndinafunsa kuti nanga mkulu uja sakumuyang'ana ndi diso lofiira? Anati ayi. Atawerenga yankho, mkuluyo anavomera pamaso pa anzake kuti anaiwala za zilolezo zija, ndipo mpaka pano amamwera tiyi pamodzi. Mwana anayankha mkulu, mkulu anavomera, ndipo palibe amene anatupa. Ine ndinalowa m'nyumba ndi kalatayo n'kukhala pabedi kanthawi, kuti mpongozi wanu asaone nkhope yanga.

Sabata yotsatira ananditenga kukaona kumene amagwira ntchito. Nyumba zake n'zazitali, makwerero osatha, achinyamata ali piringupiringu ngati nyerere. Koma zimenezo sizinandidabwitse kwambiri, nyumba zazitali ndinaziona kale. Ndinapempha kuti andionetse buku la malamulo aja. Linali pashelefu poyera, pamene aliyense angalitenge, ngakhale wosesa. Ndinaligwira ndi manja awiri monga munandiphunzitsira, koma ndinalitsegula.

Pobwerera ndinamufunsa ngati fayilo yanga ingapezeke. Anati mapepala akale choncho sakhulupirira kuti alipobe. Ndiye kuti mawu aja atsala malo amodzi okha padziko lonse, m'mutu mwa nkhalamba ija yokhala pansi pa mango. Ikapita, apita nawo. Ndikapita ine, ndipita ndisanayankhe.

Inu nomwe munkati mlandu suwola. Wangawu wakhala nthawi yaitali ndipo sunawoledi. Uphunzitsi sindikuufunanso, manja awa anazolowera khasu. Kupepesa kwawo sindikufuna, angapepese ndi pakamwa mtima uli kwina. Chimene ndikufuna ndisanabwere kumeneko ndi chimodzi. A Yotamu anene mawu amene anali pansi pa dzanja lawo, onse, osachotsapo. Tamala awalembe papepala lotambasuka, asiye malo pansi, ndipo ine ndilembe yankho langa ndi dzanja lomwe linaphunzitsa ana kulemba maina awo. Ngati analemba zabodza ndidzakana. Ngati analemba kuti ndinkachedwa masiku amene mtsinje unkadzaza, ndidzavomera monga anavomerera mwana wanga, chifukwa zimenezo zinachitikadi. Kenaka ndidzasaina, osati kuti ndavomereza, koma kuti ndawerenga.

ANaphiri akuti ndikavutitsa wakhungu pachabe, mwina anaiwala kale. Mwina. Koma munthu amene anapinda pepala kawiri n'kulitsamira ndi dzanja ankadziwa chimene akubisa, ndipo zotere siziiwalika. Tamala watumiza kale mawu kwa mwana wawo, ndipo avomera kuti tipite Loweruka likudzali.

Musadandaule, Amayi, sindikakuchititsani manyazi. Ndikaodira pachipata, ndikavula chipewa, ndikawapatsa moni ndi manja awiri ndipo ndikawafunsa za maso awo. Ngati mawondo alola ndikagwadanso. Koma mundikhululukire pa chinthu chimodzi ichi: maso anga sindikaweramitsa.

Ndimakukondani monga kale, ndipo ndikulonjeza kuti pepalalo ndikabwera nalo kumanda kwanu ku Nkomeshya, ndidzakuwerengereni lonse, mawu awo ndi yankho langa.

Ine mwana wanu,
Sitefano